Zigongono ziwiri za ku Los Angeles

Ntchito yanga ndi ya usiku, pa loji ina ku Area 47. Ikamakwana 2 koloko alendo onse amakhala atagona, pomwe ku New York ili 8 koloko madzulo ndipo masewero a baseball ali mkati. Ndi momwe ndinalowera m'masewero amene alamu anga a ku Kawale amawatcha fulaye wa azungu. Malamulo ake ambiri amandizungulirabe mutu, koma nkhani za anthu ake ndimazitsata, makamaka za oponya mpira, poti ntchito yawo ndi yodya mkono. Munthu amaponya kampira kolimba pa liwiro la makilomita 150 pa ola, kokwana 100 pa masewero amodzi, ndipo chigongono sichinalengedwere zimenezo.

Pali amuna awiri amene ndimawaganizira kwambiri. Onse amanzere, onse oponya mpira, onse anavalapo yunifolomu ya Los Angeles Dodgers, ndipo onse anapwetekeka chigongono chakumanzere.

Woyamba ndi Sandy Koufax. Kuyambira 1963 mpaka 1966 panalibe wofanana naye. Mphotho ya Cy Young, ya woponya wopambana onse, anaitenga mu 1963, 1965 ndi 1966. Mu 1965 anaponya masewero athunthu popanda mdani ndi mmodzi yemwe kufika pa malo oyamba, pamene womenya mpira amayamba kuthamangira. Koma zonsezi ankazichita ndi chigongono chodwala nyamakazi. Ankabayidwa jakisoni wa cortisone, ankamwa mankhwala opha ululu, ndipo masewero akatha ankaviika mkonowo mu ndowa ya madzi oundana. Mu 1966 anapambana masewero 27, kuposa chaka china chilichonse cha moyo wake, kenaka mu Novembala chaka chomwecho anaitana atolankhani n'kuwauza kuti basi, walekeza pomwepo. Anali ndi zaka 30 zokha. Ankaopa kuti akapitiriza, mkonowo udzafa ndithu.

Wachiwiri ndi Tommy John. Uyu sanali ndi mphatso ya Koufax, tisanamizane. Anali woponya wabwino, wodalirika, koma osati woti anthu n'kudzuka naye usiku. Mu 1974 mtsempha wogwira chigongono chake unaduka ali pa bwalo. Masiku amenewo kuvulala kotere kunali kutsanzikana ndi masewero. Dokotala wa timuyo, Frank Jobe, anayesa chinthu chimene chinali chisanachitikepo pa woponya mpira: anachotsa mtsempha pa mkono wakumanja, n'kuboola timabowo m'mafupa a chigongono chakumanzere, n'kuulowetsamo kuti ugwire m'malo mwa wodukawo. Chaka chonse cha 1975 John anakhala panja. Anabwerera mu 1976 ndipo anasewera mpaka 1989, ali ndi zaka 46.

Tsono tamverani manambala awa, chifukwa ine anandikhalitsa chete. Koufax, moyo wake wonse, anapambana masewero 165. Tommy John, kungowerenga a pambuyo pa opaleshoni pokha, anapambana 164, ndipo onse pamodzi 288. Koma amene ali mu Hall of Fame ku Cooperstown, kumene amasungako mayina a akatswiri, ndi Koufax. Anamulowetsa mu 1972 ali ndi zaka 36, wamng'ono kuposa wina aliyense amene anasankhidwapo. John mpaka lero sanalowemo. Dzina lake limamveka tsiku ndi tsiku, inde, koma ngati dzina la opaleshoni ija. Mnyamata akaduka mtsempha amangoti akukapangidwa Tommy John, ndipo ena mwa iwo sadziwa n'komwe kuti panali munthu wa dzinali amene ankaponya mpira.

Alamu anga nditawafotokozera zimenezi tikudya kanyenya, anangoti, "Ndiye Van Basten ameneyo, alamu." Akunena zoona. Marco van Basten anasewera mpira wake womaliza mu 1993 ali ndi zaka 28 chifukwa cha akakolo, ndipo palibe anamuonapo akukalamba pa bwalo, akupitidwa ndi ana. Koufax nayenso sitinamuone akutha. M'maso mwa anthu adakali mnyamata wa 1966, ndipo zaka zimene sanasewere aliyense amadzaza ndi maloto ake. Ine ndimaona kuti apa timakondera. Timalemekeza amene wachoka nyali ikuwala, pomwe amene wapirira chaka chathunthu akuphunzitsa zala zake kugwiranso mpira, n'kugwira ntchito zaka zina 14, timamuona ngati wamba. Ndikanakhala ndi voti, Tommy John akanalowa kalekale.

Chimene chimandikhudza kwenikweni n'chakuti pakati pa kusiya kwa Koufax ndi opaleshoni ya John panangodutsa zaka 8. Matenda awo sanali ofanana ndendende, koma mmodzi anavulala madokotala akadangodziwa jakisoni ndi madzi oundana, winayo anavulala pamene panapezeka dokotala wolimba mtima. Lero Shohei Ohtani, katswiri wa ku Japan amene amaponya komanso kumenya mpira, wachitidwa opaleshoni ya chigongono kawiri, mu 2018 ndi 2023, ndipo mu 2024, chaka chimene sankaponya podikira kuti mkono upole, anangotembenukira ku kumenya n'kukhala woyamba kumenya ma home run 50 (mpira womenyedwa mpaka kudumpha mpanda wa bwalo) ndi kuba malo 50 (kuthamangira pa malo otsatira mpira usanamenyedwe) m'chaka chimodzi. Koufax akanabadwa nthawi ino, mwina tikanamuona mpaka imvi.

Kwathu kuno zaka 8 zimenezo ndi mtunda, si nthawi. Tikukula ku Kawale panali mnyamata wina wosewera kutsogolo, wa mwendo wamanzere woopsa, amene tonse tinkati adzavala ya Flames. Bondo lake linakhotera mkati pa bwalo la fumbi, tsiku la mpira wa bonanza. Agogo ake anamuthowa ndi madzi otentha, ena anamutema mphini, kutupa kunatha, iye n'kubwerera. Akangoti atembenuke mwachangu, bondolo linkamugwetsa. Palibe amene anamujambula kuti aone mtsempha umene unaduka mkatimo, ndipo ndalama zake zikanachokera kuti? Masiku ano ku Kamuzu Central kuli chipatala cha mafupa cha LION, chimene nthawi imeneyo kunalibe. Mnyamata ujayo, bambo wa ana atatu tsopano, amayendetsa kabaza wa njinga yamoto kuchokera ku depoti, ndipo zigoli zake palibe anazilemba paliponse. Timangokangana ife amene tinamuona, wina ati ankaposa onse a mu ligi nthawi imeneyo, wina ati tikukokomeza.