Lendi imatsogola, malipiro amabwera pambuyo

Munthu akalandira kalata ya ntchito kunja, amathamangira kusintha malipiro olembedwamo m'ndalama za kwawo, n'kumamwetulira. Chiwerengero chimenecho sichikuuzani kanthu. Ine nditapeza ntchito ku Germany ndinayamba ndi funso lina: kuchokera tsiku lotsika ndege kufikira tsiku limene malipiro oyamba adzalowe mu akaunti, ndidzatulutsa zingati, nanga zidzachokera kuti? Zogula za mwezi ndi mwezi munthu amazizolowera msanga. Chimene chimagwetsa anthu ndi mpata umenewo.

Ndinayang'anako mindandanda ya mizinda yodula. Wa kampani ya Mercer wa 2024 unaika Hong Kong pamwamba, kenako Singapore ndi Zurich. Koma mindandanda yotere amaikonzera makampani otumiza akuluakulu awo kunja, anthu amene nthawi zambiri nyumba amachita kuwalipirira. Webusaiti ya Numbeo inandithandizako pa mitengo ya m'sitolo, ngakhale kuti ziwerengero zake amalemba ndi anthu wamba, choncho ndinazitenga ngati poyambira chabe.

Ntchito yeniyeni inali pa malipiro. Ndalama ili m'kalata ndi yosadula. Ku Germany amachotsapo ya penshoni, ya inshulansi ya chipatala, ya ulova ndi ya chisamaliro cha odwala ndi okalamba, ndipo zimenezi mumagawana ndi abwana pafupifupi theka ndi theka. Mukaphatikiza gawo lanu ndi la abwana, penshoni ndi 18.6 peresenti ya malipiro, ya chipatala imayambira pa 14.6 peresenti n'kuwonjezerapo pang'ono malinga ndi kumene mwalembetsa. Gawo la wantchito, mukaphatikiza zonse, limafika pafupifupi limodzi mwa magawo asanu a malipiro, msonkho usanakhudzepo n'komwe. Pa intaneti pali makina owerengera zimenezi, amawatcha Brutto-Netto-Rechner. Ndinaikamo ziwerengero zanga, ndipo kuyambira pamenepo ndalama imene inatuluka pansi ndiyo inakhala malipiro anga, ya m'kalata ija ndinaiiwala. Abwana analonjezanso ndalama yothandizira kusamuka, koma nditafunsa ndinamva kuti amabweza ukapereka malisiti. Sindinaiike m'bajeti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ndiye nyumba. Malonda a nyumba kuno amaonetsa mitengo iwiri. Kaltmiete ndi lendi ya makoma okha. Warmmiete ndi lendiyo kuphatikiza ndalama yotenthetsera nyumba, madzi, kutaya zinyalala ndi kusamalira masitepe. Imene idzachoke m'thumba mwanu mwezi uliwonse ndi yachiwiriyo, ndipo magetsi ndi intaneti nthawi zambiri sizikhalamo. Dipoziti amaiwerengera pa yoyambayo, ndipo lamulo, ndime 551 ya buku lawo la malamulo la BGB, silola kuti ipitirire miyezi itatu. Eni nyumba ambiri amapempha yonse ya miyezi itatuyo.

Tiyerekeze kuti lendi ya makoma ndi 700 euro ndipo zina zija ndi 200. Dipoziti ndi 2,100, lendi ya mwezi woyamba ndi 900. Ndi 3,000 euro imeneyo, musanagule supuni. Ndipo lendi imalipiridwa kumayambiriro kwa mwezi, pofika tsiku lachitatu logwira ntchito, pamene malipiro amabwera kumapeto. Amene wayamba ntchito pakati pa mwezi amalandira a theka la mwezi, kenako lendi yachiwiri n'kufika nthawi yomweyo.

Ndime 551 yomweyo ili ndi kachitseko kamene eni nyumba sakuuzani okha: muli ndi ufulu wolipira dipoziti m'zigawo zitatu zofanana, choyamba polowa m'nyumba, zinazo pamodzi ndi lendi ya miyezi iwiri yotsatira. Pa chitsanzo chathu chija, 3,000 ija imatsika kufika 1,600. Ine nkhaniyi sindinaitchule tsiku loona nyumba, pomwe tinali chigulu pamasitepe aliyense atakumbatira envulopu ya mapepala ake. Ndinadikira tisainirane kaye, kenako ndinalemba kalata yaulemu yonena kuti ndidzalipira patatu. Kontrakiti singachotse ufulu umenewu. Maiko ena ali ndi zawo: ku England dipoziti ya nyumba zambiri sipitirira lendi ya masabata asanu kuyambira 2019, pamene ku Japan nyumba zina zimafunanso ndalama yothokoza mwini nyumba, imene sibwerera. Kulikonse kumene mukupita, funsani zinthu ziwiri: dipoziti ndi yochuluka bwanji, nanga ndi iti mwa ndalama zolowerazo imene idzabwerere.

Nyumba yokhazikika sipezeka sabata yoyamba, makamaka kwa mlendo amene alibe mbiri ya ngongole ku SCHUFA, kampani yosunga mbiri ya mmene anthu amabwezera ngongole, kapena mapepala a malipiro a miyezi yapita, zimene eni nyumba amafuna kuona. Choncho ndinayamba ndi chipinda cha kanthawi chokhala ndi mipando kale. Zipinda zotere n'zodula, komabe ndisanatumize ndalama ndinafunsa funso limodzi lokha: kodi mudzandisainira pepala lotsimikiza kuti ndikukhala pamenepo? Pepala limeneli, Wohnungsgeberbestätigung, ndi limene limatsegula zonse. Popanda ilo simungalembetse adiresi ku ofesi ya mzinda, chinthu chimene lamulo limati muchite pasanathe masabata awiri mutalowa m'nyumba. Mukalembetsa, ndi pamene boma limakutumizirani pa positi nambala ya msonkho ya manambala 11. Nambala imeneyi ikachedwa, abwana ambiri amakuikani m'gulu la msonkho la 6, lodula kwambiri mwa onse. Ndalamayo imabwerera pambuyo pake, inde, koma imakhala yachoka m'mwezi umene mukuifunitsitsa. Chipinda chotchipa chimene mwini wake akukana kusaina pepalalo n'chodula kuposa chinzake.

Pa fomu yolembetsera adiresi pali kabokosi ka chipembedzo. Mukalemba kuti ndinu wa mpingo wa Katolika kapena wa Evangelische Kirche (mpingo waukulu wa Chipulotesitanti), mumayamba kulipira msonkho wa tchalitchi, 8 peresenti ya msonkho wanu m'zigawo za Bayern ndi Baden-Württemberg, 9 peresenti kwina konse. Lembani zoona, koma muike m'bajeti.

Tsiku lolandira makiyi a nyumba yokhazikika ndinapeza khitchini ili mbee. Pakhoma panali mapaipi awiri otsekedwa kukamwa ndi chingwe chokhuthala cha sitovu, pansi pakuoneka chizindikiro cha pamene panali firiji. Kudenga kwa chipinda chilichonse kunkalendewera timawaya titatu, popanda ngakhale babu. Si kuti munthu anaba. Kuno anthu ambiri akamasamuka amanyamula khitchini yawo, sinki ndi makabati omwe. Ndinali nditafunsiratu, choncho ndalama yake inalipo, koma mlendo amene sanamve zimenezi amagona ndi tochi ya pafoni n'kumatsukira mbale kubafa. Poona nyumba, funsani ngati wotulukayo akugulitsa khitchini yake, chifukwa nthawi zambiri zimatchipa kuposa kuika yatsopano. Tebulo, mipando ndi shelefu ndinagula kwa anthu kudzera pa Kleinanzeigen, webusaiti imene anthu amagulitsiranapo katundu wogwiritsidwa ntchito kale. Matiresi okha ndinagula atsopano.

Tsiku lomwelo tinayendera nyumba ndi mwini wake, chipinda ndi chipinda, tikulemba papepala chilichonse chowonongeka. Ndinajambula kang'alu ka pa matailosi a kubafa, banga la pansi pa zenera, ndiponso manambala a pa mita ya magetsi ndi ya madzi. Tonse tinasaina. Dipoziti ya miyezi itatu ija imatetezedwa ndi pepala limeneli.

Magetsi mukapanda kusankha kampani, amakuikani okha kwa imene imasamalira deralo, pa mtengo umene kawirikawiri umakhala wokwera. Ubwino wake mutha kuchokako mutangopereka chidziwitso cha masabata awiri. Makontrakiti ambiri a foni ndi intaneti ndi a miyezi 24, ndiye ndinayamba ndi simu khadi yoikamo mayunitsi mpaka nditatsimikiza kuti ndakhazikika. Kenako panabwera kalata imene imafikira aliyense amene walembetsa adiresi: ndalama ya wailesi ndi kanema wa boma, 18.36 euro pamwezi pa nyumba iliyonse, kaya muli ndi TV kaya mulibe. Ambiri amalipira miyezi itatu pakamodzi, 55.08 euro. Ngati mukukhala ndi anzanu m'nyumba imodzi, mmodzi akalipira zakwana, inu mumangotumiza ku ofesi yotolera ndalamayo nambala imene iye amalipirira.

Mayendedwe sanandivute. Tikiti ya pamwezi yotchedwa Deutschlandticket, imene inayamba mu May 2023 pa 49 euro pamwezi n'kukwera kufika 58 mu 2025, imakwanira mabasi, matramu ndi sitima za m'madera m'dziko lonse, kupatula zothamanga monga ICE. Imadzipitirira yokha mwezi ndi mwezi mpaka mutaiimitsa. Kukwera popanda tikiti ndi chindapusa cha 60 euro. M'sitolo, mtengo wa pa shelefu uli kale ndi msonkho, mosiyana ndi ku United States kumene amawonjezera pa kauntala. Mabotolo ambiri apulasitiki ndi zitini za zakumwa zimakhala ndi 25 cent imene imabwerera mukaziponya m'makina a pakhomo la sitolo. Ndipo Lamlungu masitolo amatseka, choncho amene sanagule Loweruka amakagula kusiteshoni pa mtengo wa kusiteshoni.

Pa khadi ya banki ya kumene ndinachokera, imene ndinkagwiritsa ntchito akaunti ya kuno isanatseguke, lamulo langa linali limodzi. Makina akafunsa ngati ndikufuna kulipira mu euro kapena m'ndalama za khadiyo, ndinkasankha euro, chifukwa njira inayo amasintha pa mtengo wawo. Chimodzimodzi potumiza ndalama kwa abale. World Bank imati mtengo wotumizira ndalama pa dziko lonse umapitirira 6 peresenti, pomwe cholinga cha United Nations n'chakuti utsike kufika pansi pa 3 peresenti pofika 2030. Mbali ina ya mtengowo imabisala m'kasinthidwe ka ndalama, ndiye ine sindiyang'ana zimene akuti akudula. Ndimayang'ana zimene wolandirayo agwire m'manja.

Kope langa la bajeti ndinaligawa patatu: zolipira kamodzi polowa, za mwezi ndi mwezi, ndi za pachaka. Tsamba lachitatuli ndi limene alendo ambiri alibe. Ndalama ya zotenthetsera ndi madzi imene mumalipira limodzi ndi lendi ndi yongoyerekeza. Chaka chikatha mwini nyumba amawerengera zimene munagwiritsadi ntchito, ndipo lamulo limamupatsa miyezi 12 yotumizira kalata yake. Mukagwiritsa zochepa amakubwezerani, mukapyola mumawonjezera. Munthu amene sanazolowere chisanu cha January amatsegula zotenthetsera mpaka kumapeto, zenera lili pang'ono potsegula kuti mpweya uzilowa, osadziwa kuti bilu yake idzamupeza chaka chinacho. Ine ndinkaika padera kandalama mwezi uliwonse ka kalata imeneyi, ka inshulansi yolipira zimene ungawonongere ena mwangozi, ka kukonzetsa chilolezo chokhalira m'dzikomo, ndi ka tikiti ya ndege yopita kwathu.

Pa tsamba lomwelo ndinalembaponso dipoziti yachiwiri. Wofuna kutuluka m'nyumba amapereka chidziwitso cha miyezi itatu, ndipo dipoziti yakale sibwera tsiku lobweza makiyi. Imatha kutenga miyezi ingapo, mwini nyumba n'kusungako ina podikira bilu yomaliza ya zotenthetsera, pamene nyumba yatsopano ikufuna yake musanalowe.