Loweruka pa mlatho wa sitima ku Liwonde

Agogo aamuna anandidzutsa 5 koloko isanakwane, akuti tikaone sitima. Abwera kuchokera ku Bangula kudzaonana ndi adokotala a maso, koma chifikireni Lachinayi nkhani yawo ndi njanji basi. Usiku akamva kulira kwa sitima amadzuka n'kukhala tsonga pamphasa.

Tinakwera kabaza mpaka pafupi ndi mlatho. Shire anali phee, asodzi awiri akupalasa bwato, mvuu ikufwenthera chakutsidya. Tadikira mwina theka la ola, nthaka inayamba kunjenjemera pansi pa mapazi, kenaka mitu ya sitima inatulukira ikukoka mabogi a malasha. Ndinayamba kuwerenga, koma nditapitirira 100 ndinasokonezeka chifukwa agogo anali akundikoka malaya.

"Iwe, imeneyi ikuchokera kuti?"

Ndinawauza kuti ku Moatize, kufupi ndi Tete. Imalowa m'dziko muno chakumtunda kwa Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno pa njanji yatsopano imene kampani ya Vale inamanga, n'kukumana ndi yakale pa Nkaya. Ikawoloka pano ndiye ya ku Nayuchi mpaka kunyanja ku Nacala. Njanji ya Nkaya mpaka Nayuchi yokhayo ndi ya mu 1970.

Anangoti "Hmm," n'kupukuta magalasi ndi kansalu kawo. Fumbi lakuda linali litawagwera pachipewa.

Pobwerera tinaima pa tiyirumu, ndipo m'pamene anamasuka. Iwo akuti njanji yeniyeni ndi ya kwawo, ndipo sindinawatsutse, chifukwa ndi yoyambadi. Azungu anaimanga Shire yemweyu atayamba kuwavuta: madzi akaphwa, sitima zapamadzi zochokera ku Zambezi zinkatitimira mumchenga katundu ali momwemo. Ndiye anayala njanji kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, kuwoloka Shire pa Chiromo, kutsata mtsinje wa Ruo, kukwera mpaka ku Blantyre mu 1908. Mu 1915 inafika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, koma katundu ankaolotsabe pamadzi mpaka mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935. Utali wa mlathowo ndi makilomita atatu ndi theka n'kupitirira. Agogo anauwoloka kamodzi ali mnyamata, popita ku Beira, ndipo akuti anatsinzina ulendo wonse.

Zaka zimenezi ndinazidziwa kusukulu. Zimene sindinazidziwe ndi zimene anandiuza akuviika sikono mu tiyi: kuti amayi awo ankadziwa nthawi yoika mphika pamoto pomva sitima ikulira pa Chiromo, kuti nthochi ndi nanazi za ku Sandama zinkagulidwa pawindo sitima isanaime n'komwe, kuti wosalipira ankabisala pansi pa benchi mbuzi ili pambali pake.

Kenaka nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira, ndipo mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo. Pamalopo amapatchula kuti Mtayamoyo, anthu amaoloka pa bwato. Agogo akuti zitsulo zina zikuonekabe, zili lende pamwamba pa madzi, ana amakhalapo n'kumaweza nsomba.

Chimene chinandikhudza n'chakuti sitima ya malasha ija sanaichitire kaduka. Anangodandaula kuti ilibe mawindo. "Sitima yopanda munthu wokubayibitsa," anatero, "ndiye ukaimirire kuti uone chiyani?" Komatu ndi iwo omwe anandidzutsa m'bandakucha.

Madzulo ano yadutsa ina yopanda kanthu, yobwerera ku mgodi. Imamveka mosiyana, mabogi amachita phokoso ngati migolo. Agogo anaizindikira ali m'bafa, n'kukuwa kuti ndiwerenge bwino ulendo uno. Mawa tipita kuchipatala 7 koloko, mankhwala a m'maso atsala a tsiku limodzi.