Kuunikira nkhope zakuda pa sewero lathu la ku Rosettenville

Kwaya ya kumpingo kwathu itaganiza zochita sewero la nyimbo lokamba za agogo athu amene ankabwera kuno ku Joni kudzagwira ntchito m'migodi kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, udindo wa nyale ndi zithunzi unagwera ine, popeza ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yolumikiza mawaya m'nyumba za anthu. Abambo amene ankatsogolera seweroli anangoti, "Achimwene, inu ndinu a magetsi, mutiunikire," ngati kuti kuunikira sewero n'chimodzimodzi ndi kuika babu m'khitchini.

Ndinayamba ndi masamu. Magetsi a kuno ndi a mavoti 230, ndipo soketi ya ma amp 16 siingapirire katundu woposa mawati 3,600 kapena kuposerapo pang'ono. Nyale zakale zimene munthu wina anafuna kutibwereka zinali za mawati 1,000 iliyonse, kutanthauza kuti zinayi zokha zikanathimitsa holo yonse pamodzi ndi kiyibodi ndi masipika. Tinabwereka m'malo mwake nyale zisanu ndi zitatu za LED, zimene sizidya magetsi ambiri komanso sizitentha kwambiri, n'kuzilumikiza ndi chingwe cha DMX, chimene chimatumiza malangizo ku nyale, kuchoka pa nyale ina kupita pa inzake, iliyonse ndi nambala yake. Ndinkaziyendetsa pa laputopu yanga yakale ndi pulogalamu yaulere ya QLC+. Tsiku la sewero tinalisankha titayang'ana kaye ndandanda ya kuzima kwa magetsi m'dera lathu, monga ankachitira aliyense wokhala mu mzinda uno nthawi imeneyo.

Vuto lenileni linaonekera pa kuyeserera koyamba. Pa gawo la pansi pa mgodi ndinayatsa kuwala kwa buluu kokhakokha, ndikuganiza kuti mdima umaoneka choncho, koma nkhope za oimba zinasanduka zotuwa ngati awapaka phulusa, ndipo maso ndi milomo sizinkaoneka n'komwe kwa munthu wokhala kumbuyo kwa holo. Mayi wina woimba alto anandifunsa mwaulemu kuti, "Kodi ana anga adzandizindikira, achimwene?" Funso limenelo linandisowetsa tulo. Khungu lakuda silibweza kwambiri kuwala kwa buluu kapena kobiriwira, pomwe kuwala kofiirira ngati kwa dzuwa lolowa kumalitulutsa bwino ndi kulionetsa lamoyo. Ndinaika nyale ziwiriziwiri kutsogolo, kumanzere ndi kumanja, zitapendekeka pafupifupi madigiri 45, mbali ina yofiirira ndipo ina yotuwirako pang'ono, kuti nkhope ikhale ndi mbali yowala ndi mbali ya mthunzi. Buluu uja ndinamusamutsira kumbuyo kwa oimba, kumene ankangowala pa mapewa ndi pa zipewa za mgodi, n'kuwalekanitsa ndi mdima wa kuseri kwawo.

Nkhope zitakhala bwino, zithunzi zinayamba kuvuta. Mnyamata wina wa mu kwaya anali atakonza zithunzi ndi mavidiyo makumi atatu, za phiri la Mulanje, za nyanja, za siteshoni ya sitima ya Park Station ndi za milu ya dothi la m'migodi imene imaoneka kum'mwera kwa mzinda, zoti ziziwonetsedwa pa nsalu yoyera kumbuyo. Koma projekita yathu inali yofooka, ndipo kuwala kwa nyale za kutsogolo kukangofika pa nsaluyo, phiri lonse la Mulanje linkazimiririka ngati laphimbidwa ndi chifunga. Tinasuntha oimba mamita awiri kuchoka pa nsalu, tinatchinga m'mbali mwa nyale kuti kuwala kusamwazike, ndipo projekita tinaipachika m'mwamba kuti mithunzi ya anthu isagwere pa chithunzi. Zinathandiza, koma osati mokwanira, ndipo mnyamatayo anapempha kuti ndichepetse nyale. Ndinakana, chifukwa makolo sakanalipira pa khomo kuti adzaone chithunzi cha nyanja imene amaidziwa kale, koma kuti adzaone ana awo akuimba. Zithunzi zinatsala zisanu ndi ziwiri, ndipo zinkawonetsedwa makamaka pamene oimba akusintha malo.

Pa gawo la ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974, ngozi imene inachititsa Kamuzu kuletsa kulemba Amalawi ntchito ya m'migodi ya kuno, mnyamata uja anafuna vidiyo ya moto. Tinagwirizana kuti pa nsalu pangolembedwa dzina la malo ndi chaka, kenaka mdima, ndi nyale imodzi pa mayi woimba nyimbo ya maliro. Apa tinazindikira kuti projekita siitha kupereka mdima weniweni, chifukwa ngakhale chithunzi chikhale chakuda, pa nsalu pamatsala kuwala kotuwa kwa makona anayi. Usiku wa sewero mnyamata uja anakwera pa makwerero ndi chidutswa cha katoni, natseka diso la projekita ndi dzanja lake mpaka mayiyo atamaliza vesi lachitatu.