Tambala wa ku Soweto ndi "must" wa amadamu

Ine Chingerezi ndinachiphunzira ndi ndodo, ku Katete, ndipo palibe angandiuze kuti sindichidziwa. Aphunzitsi athu a giredi 6 anali ndi timawu tawo tomwe ankatilemba pakona ya bolodi osafufuta chaka chonse: can, could, may, might, shall, should, will, would, must ndi ought. Ankati timeneti ndi mafumu. Ukalemba "he musts", ndodo, chifukwa mfumu sivala s. Ukalemba "I can to go", ndodo, chifukwa wololedwa kuyenda ndi to ndi ought yekha. Mnzanga wina atapanikizika anakweza dzanja n'kunena kuti "Can I go out?" Aphunzitsi anayankha kuti "You can, but you may not." Mnyamata anakhala pansi akusinkhasinkha kusiyana kwake mpaka kabudula ananyowa.

Koma mfumu ya mafumu onse inali must. Must salankhula kawiri. Alibe ngakhale dzulo, ukafuna kunena zadzulo umachita kubwereka "had to". Akamveka must, munthu umadzuka n'kuchita.

Pano ndine dalaivala pa kabungwe kena kuno ku Lusaka, ndipo abwana athu ndi mayi wa ku England. Lachisanu lina ndinakawatenga ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Tili mu mpanipani wa magalimoto pa Great East Road, chapafupi ndi yunivesite, anandifunsa za ana, ine n'kuyankha. Kenaka, maso ali pafoni, anati: "You must come round for lunch sometime. Bring the family."

Ndinamva must. Ndinamva family. Ka sometime ndinakamvanso, koma ndinaona kuti amadamu andipatsa ulemu woti tsiku ndisankhe ndekha. Ndinasankha Lamulungu tikaweruka kutchalitchi.

Nditafika kunyumba ku Matero ndinalengeza. Amake ana anayamba kufunsa za chitenje choti avale. Mlamu wanga, amene anabwera kudzafuna ntchito koma ntchito yomwe anaipeza ndi yogwira rimoti, anafunsa ngati kukakhale nyama. Apongozi analiponso, anali atabwera ndi matumba a mtedza wa chalimbana kudzagulitsa. Sindikanawasiya. Family ndi family.

Wotsutsa anali mmodzi, mwana wanga wamkazi wa giredi 9.

"Adadi, anakuuzani tsiku ndi nthawi?"

"Anati must."

"Azungu amangonena choncho, adadi."

Ndinamufunsa kuti pakati pa iye ndi ine, ndani amalankhula ndi mzungu tsiku ndi tsiku. Anakhala chete, ndipo ine ndinayesa kuti ndapambana.

Kwa munthu wamkulu sapita chimanjamanja. Loweruka ndinalawirira ku Soweto Market kukagula tambala wachikuda, wofiira, wa lipombo logwera mbali, wolemera moti dzanja limachita kutopa. Mtengo wake sindiutchula chifukwa amake ana amawerenganso zimene ndimalemba. Lamulungu tinakwera minibasi ziwiri, ya m'tauni ndi ya ku Kabulonga, anthu asanu ndi awiri ndi tambala mkhwapa. Kondakitala wa yachiwiri anafuna kuti tambala alipire mpando. Apongozi anangomuyang'ana, mnyamata n'kuyamba kuwerenga chenji chomwe anali atawerenga kale.

Pageti tinapeza mlonda, bambo wachikulire wa ku Petauke. Anatiyang'ana kuyambira ku nsapato zanga zopolisha mpaka ku duku la apongozi, nafunsa ngati tikuyembekezeredwa. Ndinati taitanidwa. Anatsegula pang'onopang'ono, maso ali pa tambala.

Amadamu anali pa kapinga, atavala kabudula, paipi yothirira maluwa ili m'manja. Amuna awo anali gone pa mpando wapakhonde, nyuzipepala kumaso. Kukhitchini kunalibe utsi, kunalibe fungo, kunalibe ngakhale kulira kwa sipuni. Atationa anangoti "Oh!" madzi akuthirira phazi lawo lomwe. Ine ndinati ndi chimwemwe.

Amake ana anagwada monga mwa mwambo, ine n'kupereka tambala ndi manja awiri. Amadamu anagwira pachifuwa n'kufuula: "Oh, you shouldn't have!"

Apa ndiye mundimvetse bwino, chifukwa anthu akhala akundiseka osamva mbali yanga. Chiganizo chimenechi ndinachiphwanya m'mutu monga anatiphunzitsira. Should, kenaka not, kenaka have, ndipo mneni womaliza ammeza, koma ndi wodziwikiratu: brought. Should have amanena za chinthu chomwe chachitika kale ndipo munthu akudandaula nacho. "You shouldn't have driven so fast" anandiuzapo amadamu omwewa pa msewu wa ku Kafue, ndipo tsiku limenelo sankandithokoza ayi. Ndiye tanthauzo linali poyera: simunayenera kubweretsa nkhuku. Mwina chipembedzo chawo, mwina sadya nyama, ndani akudziwa za azungu.

Ndinati "Sorry, madam", n'kubweza tambala mkhwapa.

Amadamu anatsala manja ali m'malere. Amake ana anandiyang'ana ali chigwadire. Apongozi, amene mwamwambo salankhula nane maso ndi maso, anafunsa mwana wawo mokweza kuti aliyense amve: "Kodi amuna akowa nkhuku ija amangodzaionetsa?"

Mwana wa giredi 9 anali ataphimba nkhope ndi manja onse awiri.

Amadamu anadzilimbitsa, n'kuyang'ana chitseko cha nyumba yawo. "Would you mind waiting out here for a minute?" Ine pofuna kukonza zomwe zinaonongeka ndinayankha mwamphamvu, mwaulemu, ndi kumwetulira konse: "Yes, madam!"

Anafiira. Anatsegula chitseko n'kutilowetsa pabalaza pomwe panali zovala zosasita pa sofa, mabotolo a dzulo patebulo ndi kabudula wamkati wa abwana aamuna atapachikidwa pa mpando. Ndinadabwa kuti munthu wangotipempha kudikira panja, bwanji akutilowetsa. Koma nyumba ndi yake.

Patapita kanthawi anabweranso. "Would you mind if we just had sandwiches?"

"Yes, madam!"

Anafiiranso kuposa poyamba. Ananong'onezana ndi amuna awo, bambo aja n'kutenga makiyi, galimoto n'kutuluka pageti mothamanga. Mwana wanga ananditsina pantchafu.

"Adadi, mind ndi kudandaula. Akufunsa ngati mungadandaule. Mukati yes ndiye kuti mukukana. Muziti not at all."

Tsono inu, chilankhulo chanji chomwe munthu povomera amati ayi? Ndiye kuti pa mphindi zochepa chabe ndinali nditalanda mphatso, nditakana kudikira panja, nditakananso chakudya cha eni nyumba, zonsezo ndikumwetulira. Mlamu wanga yekha ndiye anaona kuti zinthu zikuyenda bwino, poti anamva kuti abwana apita kukagula nkhuku ndi tchipisi.

Nthawi yonseyi tambala anali mkhwapa mwanga, pa sofa. Amadamu anamuyang'ana, n'kuyang'ana kapeti wawo woyera, n'kunena mofatsa kwambiri: "You might want to put him outside."

Might ndimamudziwa. Might ndi mwina. Ndinadzifunsa moona mtima ngati ndikufuna kuika tambala panja, pomwe panali agalu awiri aakulu ngati ana a ng'ombe, ndipo ndinapeza kuti sindikufuna. Ndinati "No, thank you, madam." Pambuyo pake ndi pomwe ndinauzidwa kuti "you might want to" wa anthu a ku England ndi lamulo lenileni, loposa must amene ndinamuvalira jekete. Mawu olamula amaitanira nawo anthu omwe sakuwayembekezera, mawu okayikira n'kumalamulira nawo. Aphunzitsi aja ndodo zawo anatimenyera chabe.

Tambala sanadikire kuti timalize galamala. Anachita zake pa kapeti, zambiri ndithu, chingwe chakumiyendo n'kumasuka. Galu mmodzi anasuzumira pakhomo. Zomwe zinatsatira sindingazifotokoze mwadongosolo. Ndikukumbuka nthenga, vazi ya maluwa ikugubuduzika, mwana wanga wamng'ono ali pamwamba pa tebulo, mlamu akuteteza rimoti ya eni ake, ndi amadamu akukuwa dzina la galu. Tambala anazungulira pabalaza kawiri, nadumphira pa shelefu ya mabuku, nalira kokoliriko masana dzuwa lili pamutu. Apongozi sanadzuke n'komwe. Anangotambasula dzanja limodzi pamene ankadutsa, n'kumugwira miyendo yonse iwiri, n'kumuika pansi pa phazi lawo, n'kupitiriza kuyang'ana zithunzi zapakhoma.

Ndinatuluka naye panja ndekha, popanda wondiuza might. Mlonda uja anali pageti akupukuta misozi ya kuseka.

"Achimwene, anakuuzani must?"

Ndinavomera.

Anakweza phazi kundionetsa jombo yake, chala chachikulu chili panja chikuwothera dzuwa. "Izi anandiuza kuti 'we must get you new boots' a Lungu asanachoke pampando wa upulezidenti. Ndikudikirabe."

Nkhuku ndi tchipisi zinabwera, ndipo tinadya mwakachetechete, kupatula mlamu amene anapempha zowonjezera. Amake ana anachapa kapeti ndi sopo wa mbale ngakhale amadamu ankawaletsa. Tambala ndinamusiya kwa mlonda. Kumupereka kachiwiri kwa amadamu kukanafuna chiganizo chomwe ndinalibe.

Potsazikana pageti, amadamu anagwira dzanja la apongozi ndi manja awiri, n'kunena ndi nkhope yotopa: "Lovely to meet you. You must come again."

Apongozi anafunsa mdzukulu wawo kuti mzungu akuti chiyani. Mwana uja anandiyang'ana kaye, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti akundibwezera za Lachisanu zija.

"Akuti muyenera kubweranso, agogo."

Mtedza unatha kalekale, koma apongozi sanabwerere ku Katete. Akuti sangachoke asanakwaniritse mawu a mzungu, ndipo poti nkhuku anaikana, atumiza uthenga kumudzi kuti akweze mbuzi pa basi.