Lipoti la ulendo wa gulu lathu ku Orvieto, mzinda wa pathanthwe

Kuchokera pa siteshoni ya Roma Termini, sitima imatenga ola limodzi ndi mphindi zingapo kufika ku Orvieto, m'chigawo cha Umbria ku Italy. Tikiti ya pepala ya sitima za m'zigawo (regionale) muziidinda pa kamakina ka pa siteshoni musanakwere. Mukapanda kutero mulipira chindapusa ngakhale tikitiyo ili m'manja. Moyang'anizana ndi siteshoni pali funicolare, kangolo kokokedwa ndi chingwe, kamene kamakutulani pamwamba, pa Piazza Cahen.

Mzindawu wakhala pathanthwe la tufo, mwala wofewa wochokera ku phulusa la phiri lophulika. Anthu a mtundu wa Etruscan ankautcha Velzna, ndipo Aroma anauphwasula m'chaka cha 264 Yesu asanabadwe. Adani ankavutika kukwera phedi lake, koma vuto la pamwambapo linali madzi.

N'chifukwa chake timalangiza kuyambira pa Pozzo di San Patrizio, chitsime chomwe chili pafupi pomwe mwatsikira. Papa Clement VII atathawira kuno mu 1527, Roma atafunkhidwa, analamula Antonio da Sangallo wamng'ono kuti achikumbe. Chinatha mu 1537. N'chakuya mamita 53, m'mimba mwake mamita 13, ndipo chili ndi makwerero awiri opotana ngati chingwe, ena otsikira, ena okwerera, kuti abulu otunga madzi asamagundane. Masitepe ake ndi 248, aafupi chifukwa anapangira nyama, koma m'munsi ndi onyowa komanso oterera. Amene mawondo amavuta angosuzumira pa mawindo oyambirira. Pansi palibe chikepe chobwerera.

Tchalitchi chachikulu, Duomo, anayamba kumanga mu 1290. M'mbali mwake muli mizere ya mwala woyera ndi wakuda, pomwe kutsogolo, ntchito ya Lorenzo Maitani, kumanyezimira golide dzuwa likapendeka. Jambulani masana, osati m'mawa. M'kati mwake, kumanja kuli kachisi wa San Brizio, momwe Luca Signorelli anayamba mu 1499 kujambula za chiweruzo chomaliza. Kumanzere amasungako nsalu ya paguwa ya chozizwitsa cha m'tauni ya Bolsena cha mu 1263, pomwe amati mkate wa Ukaristia unatuluka magazi. Kunali kuno ku Orvieto komwe Papa Urban IV anakhazikitsa mu 1264 chikondwerero cha Thupi ndi Magazi a Ambuye, chomwechi chimene Akatolika kwathu amayendera m'dipiti. Valani zophimba mapewa ndi mawondo.

Pansi pa misewu pali mapanga oposa 1,200 okumbidwa ndi manja: mosungira madzi, mofinyira mafuta a olivi, ndi makoma odzaza timaenje ta nkhunda zomwe ankaweta kuti apeze ndiwo. Kufewa kwa tufo kuli ndi choipa chake: madzi akalowa m'ming'alu, m'mphepete mwa thanthwe mumagumuka, moti boma linachita kulimbitsa phedilo. Ku Orvieto Underground, malo okaonera mapangawa, salowetsa munthu popanda wotsogolera, ndipo malo ndi owerengeka, choncho gulu lalikulu lisungitsiretu malo pa ofesi yomwe ili pa Piazza Duomo.