Sindinakhale dokotala koma kumudzi amanditchulabe adokotala

Mwana wa achemwali anga ali folomu 4 pa CDSS ina kuno ku Ngabu, ndiye dzana wanditumizira voisi noti ya maminitsi 7 pa WhatsApp, bandulo yanga yonse kuthera pomwepo. Nkhani yake imodzi: amalume ine ndikufuna udokotala koma physics yandikana, ndikapanda kupeza mapointi ochepa ndiye kuti moyo wanga wathera pompa. Ndinaseka kaye, osati kumuseka iyeyo ayi, koma kuti mawu amenewo ndi anga enieni, ndinawayankhulapo ndili pansi pa mtengo wa masawu zotsatira za MSCE zitangotuluka.

Ine ndinapeza mapointi 19. Kwa amene simudziwa, amawerengera maphunziro 6 amene wakhoza bwino, ndipo mapointi akachepa mpamene wakhoza kwambiri. 19 pamudzi pathu inali nkhani yoti anthu aphe nkhuku, koma kuti upite nayo ku College of Medicine ukaphunzire MBBS, digiri ya udokotala, iwalani. Sukulu imeneyi inatsegulidwa mu 1991 ku Blantyre, pano inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing nkukhala KUHeS mu 2021, ndipo malo ake anthu amalimbirana dziko lonse. Bambo anga anali atagulitsa kale mbuzi zingapo ndi thonje la zaka ziwiri kuti ndifike pamenepo, mayi anali atauza kale azimayi onse a kumpingo kuti mwana wanga ndi dokotala. Ndiye tangoganizani manyazi ake. Ndinakhala chaka chathunthu ndikungopalasa kabaza pa Nchalo, kunyamula anthu otuluka ku mizimbe, mtima uli kwina.

Za labu, ntchito yoyeza magazi ndi mkodzo kuchipatala imene ndikugwira panoyi, sindinazisankhe chifukwa chozikonda, ndisakunamizeni. Ndinangoona kuti ku Malawi College of Health Sciences kuli dipuloma imene mapointi anga angalowe, ndinalembera basi, mumtima ndikuti ndikangolowa mchipatala ndidzapeza njira yodumphira ku udokotala. Chaka choyamba ndinkaphunzira ngati munthu amene akudikira minibasi ina.

Zinasintha ndi mkodzo. Eya, mkodzo, musaseke.

Tili ana tinkasamba mmadambo ndi mmingalande ya madzi othirira, kutentha kwa kuno mukudziwa nokha, Okutobala akafika ngakhale galu safuna kuuwa. Pafupifupi mnyamata aliyense wa gulu lathu ankakodza magazi pamapeto, ndipo akuluakulu ena ankati ndi chizindikiro choti mwana wakula. Ine ndinakodza magazi zaka mwina zitatu, ndinkanyadira nazo, kumaonetsa anzanga. Ndiye tsiku lina pa pulakitiko anatipatsa mkodzo wa mwana wina, tinauzunguza mu sentirifuji, tinatenga zotsalira pansi zija kuika pa galasi, ndikuyang'ana mu maikulosikopu ndinaona dzira, lozungulira motalika ngati nthanga ya dzungu, kunsonga kwake kuli kaminga kamodzi. Aphunzitsi akuti ameneyo ndi Schistosoma haematobium, kachilombo ka likodzo, kamingako ndi kamene kamathandiza dzira kuboola chikhodzodzo ndiye magazi mukuwaonawo. Mazirawo akagwera mmadzi amaswa, tianato timalowa mu nkhono za mmadzi, timachulukana mmenemo, kenako timatuluka nkulowa pakhungu la mwana amene akusambira, osamva kuwawa kulikonse. Ndinakhala pa mpando paja osayankhula, anzanga akudikira kuti nawo aone. Chinthu chimene chinandidya ubwana wanga wonse, chimene agogo ankati ndi kukula, chinali pamaso panga, chili ndi maonekedwe, chili ndi dzina, ndipo mankhwala ake ndi mapilitsi a praziquantel amene amagawa mmasukulu poyeza kutalika kwa mwana pa ndodo. Usiku umenewo sindinagone, ndinkangowerenga mayina a anzanga a kumudzi mmutu, uyu anali nalo, uyunso, uyunso.

Kuchokera pamenepo minibasi ina ija ndinasiya kuidikira.

Pano ntchito yanga yambiri ndi malungo, chifukwa kuno ku chigwa udzudzu ndi eni malo, ife ndife alendo. Madzi a Shire, dambo la Elephant Marsh, minda yothirira, kutentha, zonse zimaukomera. Anthu ambiri amadziwa kakuyeza kofulumira kaja kobaya pachala, mizere iwiri ikatuluka ndiye malungo. Koma chimene ambiri sadziwa nchakuti kachipangizoko sikaona kachilombo kenikeni, kamaona puloteni imene kachilomboko kamasiya mmagazi, ndipo puloteniyo imatha kutsala masabata angapo munthu atachira kale. Ndiye mayi amabwera ndi mwana akutentha thupi, anamwa mankhwala a malungo a LA masabata awiri apitawo, mizere iwiri yatulukanso, aliyense akuti malungo abwerera. Apa mpamene pamafunika munthu woti apake magazi pa galasi, awadaye ndi utoto wa Giemsa, adontheze mafuta, afufuze timphete ta Plasmodium falciparum, kachilombo ka malungo, mkati mwa maselo ofiira. Ndikapeza kuti mulibe, a clinical officer amayamba kuganiza zina, mwina chibayo, mwina matenda a mmagazi ena, ndipo mwana sapatsidwa mankhwala olakwika. Dzina langa silitchulidwa mu wadi, koma kapepala kanga ndi kamene katembenuza nkhani.

Ndipo sayansi imeneyi si ya azungu okha ngati mmene tinkaganizira kusukulu. Malawi ndi dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine mu 1993 kupita ku Fansidar, chifukwa kachilombo kanali katasiya kumva, kenako mu 2007 tinapita ku LA. Patapita zaka, kafukufuku wa ku Blantyre anapeza kuti tizilombo tayambanso kumva chloroquine uja chifukwa chomusiya nthawi yaitali, nkhani imene inadabwitsa anthu dziko lonse lapansi. Katemera wa malungo wa RTS,S anayambira kuno kwathu mu Epulo 2019, Ghana ndi Kenya nkutsatira. Kuno ku Chikwawa a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuchita kafukufuku wa malungo kwa zaka zambiri, ndipo amene amatola udzudzu mmidzi, kuyeza magazi, kulemba manambala mu kompyuta, ambiri ndi ana a konkuno, ena sanapondeko mkalasi ya udokotala.

Nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 ndi pamene ndinasiyiratu kusirira mayina. Kolera inali ikuvuta kale kuyambira 2022, madzi anabwera kudzawonjezera, misewu yaduka, anthu ali mmakampu, zimbudzi zagwa. Amene ndinawaona akugwira dziko anali alangizi a zaumoyo, ma HSA aja timawapeputsa, akuyenda mmatope ndi ndowa za klorini ndi mapaketi a Thanzi, ena kuwoloka pa bwato kupita ku Makhanga. Anamwino osagona masiku. A zaukhondo wa madzi. Madalaivala a ambulansi. Dokotala analipo ndithu ndipo ndimawapatsa ulemu wawo, sindikunyoza udokotala ine, kungoti anali mmodzi pakati pa anthu makumi.

Sindinena kuti zonse ndi zokoma ayi. Malipiro amatha mwezi usanafike pa 15, magetsi amathima uli pakati pa ntchito, nthawi zina mankhwala oyezera atha ndiye umangouza munthu amene wayenda kuchokera kutsidya kwa Shire kuti abwerenso, nkhope yake ikutsata mpaka kunyumba. Anzanga ena anamaliza maphunziro akhala zaka osalembedwa ntchito. Masiku ena ndikakwera minibasi ya ku Blantyre, tikadutsa pa Thabwa nkuyamba kukwera phiri, kamphepo kozizira kakayamba kulowa pawindo, maganizo osabwereranso amabwera ndithu. Koma agogo ena atandigwira dzanja nkunena kuti takhuta adokotala, ine nkuyankha kuti agogo ine si dokotala, anangoti nanga amene waona matenda anga ndani? Ndinasowa choyankha.

Mphwanga uja sindinamuuze kuti asiye maloto ake, physics alimbane nayo mpaka mayeso, mwina iye adzalowa pamene ine ndinalephera. Ndangomufunsa kuti kupatula chijasi choyera ndi kachingwe ka pakhosi, ndi matenda ati a kwanu kuno amene amakukwiyitsa ukawaona. Sanayankhe mpaka pano, ma tiki abuluu okha. Ndamuuza kuti Loweruka akwere kabaza abwere, ndapempha chilolezo kwa abwana kuti aone galasi lophunzitsira limene tinasunga, lija lili ndi dzira la kaminga. Achemwali akuti abwera ndi mapira a kumunda, ndalama ya kabaza yobwerera ndilipira ine.