Za tambala wa ku Domwe uja, imvaniko mbali yanga

Chabwino, poti vidiyo ija ya ine ndikutuluka pansi pa nkhokwe ndi tambala, buluku litavuka, yazungulira kale pa gulu lonse la WhatsApp mpaka ena mwayamba kundiimbira foni nkungoti kokoliliko kenako nkudula, lekani ndifotokoze ndekha. Vidiyo ija ndi ya masekondi 20 okha pomwe nkhondoyo inatenga pafupifupi ola lathunthu, nde musaweruze munthu ndi kachidutswa. Komanso buluku lija sindinavule dala ngati mmene ena mukunenera, linakodwa.

Munali mu Julaye. Mnzanga wa ku Matundo mu mzinda wa Tete uja, yemwe anajambulayo, munthu amene ndinkamuyesa m'bale wanga, anakhala akundivutitsa kuti mano (achimwene), tsiku lina ukandionetse kwanu ku Angónia kumene kumachokera mbatatesi timadyazi. Tinakwera chapa (minibasi) m'mamawa, kudutsa Moatize, pa Mussacama nkukhotera kumtunda, ndipo njira yonseyo ine ndinali mphunzitsi. Ukafika usakapereke moni uli chiimire ngati uli ku banki, madzi ukalandire ndi manja awiri, agogo akakakufunsa za mvula ya kwanu usakayankhe mwachidule. Iye amangoti eya, eya. Ndinamuopsezanso za kuzizira, poti uyu ndi mwana wa mu Tete momwe dzuwa limafika madigiri 40 mbuzi nkumalimbirana mthunzi wa mlambe, nde ndimati iwe ku Ulongue ukalira. Ineyo ndinavala kamalaya kopyapyala dala kuti aone kuti eni dziko mphepo sitiimva. Ndi nsapato zoyera zatsopano. Zoyera abale, kupita nazo kumudzi.

Tangotsika pa njinga zamoto kwathu mbali ya ku Domwe, munthu uja ananjuta bwinobwino, kuwomba m'manja ngati anabadwira pomwepo, kenako nkutsegula chikwama kutulutsa kapulana (chitenje) wa agogo ndi nsomba zouma za chikowa za amayi. Sanandiuze kuti wanyamula zimenezo. Ine ndinali ndi buledi muwiri amene mayi wina anamukhalira mu chapa kuyambira pa Moatize. Agogo anamugwira dzanja osalisiya, akuti uyu nde mwana woleredwa uyu. Ine anangondiyang'ana kamodzi nkuti "wanenepa", basi nkubwerera kwa mlendo wawo.

Nde amayi anakuwira ana kuti tagwirani kamsoti kofiira kaja, alendo asadyere masamba. Tiana tinali titadzuka kale, ndipo ndikanangokhala phee pampando nkhani ino bwenzi kulibe. Koma mtima unali ukuwawabe ndi za kapulana zija. Ndinati iyayi khalani pansi inu, nkhuku za pakhomo pano ndinayamba kuzigwira musanabadwe. Amayi anati, "Iwe, nanga nsapatozo?" Ine ndati amayi musadandaule, mphindi ziwiri zokha.

Chimene sindinawerengere nchakuti zaka zonsezi za kukhala pampando ku ntchito, madzulo nyama ya mbuzi yootcha ndi mowa wa 2M, thupi linasiya kumvera. Nkhuku zinabalalika, zofiira zinalipo zingapo, ine ndinangotsata imene inali pafupi. Tinazungulira nyumba katatu, kulumpha mtondo, kugwetsa lichero la nyemba, kudutsa kuseri kwa khola la nkhumba komwe nsapato yakumanzere inasiyira kuyera, mpaka chinthu chija chinalowa pansi pa nkhokwe. Ana akuti achimwene tisiyireni, ine ndikuti chokani. Ndinagona chafufumimba nkuyamba kukwawa.

Mukudziwa mmene pamakhalira pansi pa nkhokwe, kamdima, zitsononkho, fungo la makoswe, ndipo mutu sungadzutse. Maso atazolowera ndi pamene ndinaona kuti amene ndatsekera pakona si msoti ayi. Chitambala abale, chachikulu ngati mwana wa mbuzi, chili poteropo, mphuno yanga ndi mlomo wake kutalikirana ngati chikhatho chimodzi. Sichinathawe. Chinandiyang'ana ndi diso limodzi kwa nthawi yaitali, kenako chinatembenuza mutu pang'onopang'ono nkundiyang'ananso ndi diso linalo, ngati wapolisi wa pa malire a Calómuè amene akufananitsa nkhope ndi chithunzi cha pa chiphaso. Ine phee, icho phee. Ndimamva mtima wanga ukugunda pa dothi. Kunja ndikumva agogo akufunsa mlendo ngati ku Tete kunagwa mvula yabwino chaka chino, iye akuyankha motalika ndithu monga ndinamuphunzitsira, dzanja lina ali ndi foni. Sindikudziwa chinandigwira nchiyani koma ndinachilankhula chitambalacho, ndinati bwana tiyeni tingomvana. Chinapendeketsa mutu ngati chikuganizira. Kenako chinandijompha pachipumi penipeni, go!

Apa mverani bwino chifukwa ndi pomwe vidiyo yanu ikuyambira. Ndinachigwira mwendo nkuyamba kubwerera chafutambuyo mothamanga, lamba nkukola pa kamtengo ka nkhokwe. Thupi linatuluka, buluku linatsala. Aliyense zikanamuchitikira. Ndinaimirira pabwalo ndi kabudula wamkati wamaluwa uja, amene ndikubwereza kunena kuti inali mphatso, pamaso pa agogo, amalume, ndi azimayi anayi amene amachokera ku chitsime ndowa zili pamutu. Mmodzi madzi anatayika. Agogo sanaseke, anangokoka kapulana watsopano uja nkuphimba kumaso. Koma tambala ndinatuluka naye m'manja, ndipo zimenezo wojambula wanuyo anadula.

Mukufunsa kuti nanga utaona kuti si msoti unapitiriziranji. Inu mukanatuluka chimanjamanja mutavula kale buluku? Komanso ndinaganiza kuti mlendo wochokera kutali kumuphera tambala ndi ulemu woposa. Amayi anali kukhitchini akuwiritsa madzi, amalume anali atalawako kachasu nde anangolandira nkudula khosi osafunsa. Amayi potuluka anapeza nthenga zili mbwee, anangogwira pakamwa osalankhula.

Nyama ili pamoto tinamva odi. Mayi a nyumba ya kuseri, mwaulemu wonse, moni kwa agogo, moni kwa alendo, za kumunda, za maliro a sabata yatha, kenako nkuti kaya mwandionerako tambala wanga. Maso ali pa mulu wa nthenga. Akuti anakamugula ku Lizulu, wa mbewu, ndipo misoti ya mbali yonseyo imadalira iyeyo. Tiana tija tonse tinandiloza nthawi imodzi ngati tinapangana.

Ndinalipira 600 meticais, ndalama yobwererera, moti ulendo wa ku Tete anandilipirira ndi mnzanga yemweyo ndipo mpaka lero amandikumbutsa. Mayi aja atalandira ndalama sanapite, anakhala pamphasa nkusamba m'manja, ntchafu imodzi inapita kwa iwo. Nthutumba agogo anaika okha m'mbale ya mlendo. Ine amene ndinakhetsa magazi ndinapatsidwa khosi ndi chipalapasiro chimodzi, chinacho sindikudziwa anadya ndani. Nyamanso yake inali yolimba ngati tayala la njinga, koma poti ndinali nditagula ndinatafuna.

Usiku mphepo ya ku Domwe inatsika. Mnzanga anatulutsa chijekete chachikulu ndi chipewa cha ubweya, akuti mano si iwe unandiuza kuti kumazizira, nkugona mpaka kuliza mkonono. Mwini dziko ndinanjenjemera mpaka mano kuwombana, pakati pa usiku ndinakagogoda kwa agogo kupempha chofunda. Anandipatsa kapulana yemwe uja, akuti ubweze m'mawa ndi wa mwana wanga wa ku Tete.

M'mawa mudzi wonse unadzuka mochedwa, nazonso akuti ndi mlandu wanga. Kamsoti kofiira kaja kanali pakhonde kakutola nyemba zimene ndinagwetsa.

Amayi anaimba dzulo, akuti agogo akufunsa kuti mnzako uja abweranso liti, amusungira thumba la mbatatesi. Ndinadikira kuti mwina pali uthenga wanganso koma anangoti yuniti ikutha. Nsapato zija ndachapa kawiri, yakumanja ili bwino ndithu.